Chikho Chosankha Pokweza Manja

Alamu anga, akulu awo a amuna anga, anakhalako ku Amereka pa sukulu, ndipo chachikulu chimene anabwerako nacho, kuposa digiri imene, ndi mpira wa kumeneko. Sindikunena mpira umene timaudziwa ife, womenya ndi mwendo. Ndikunena uja wa anyamata a m'makoleji ovala zipewa zolimba ndi mapewa otupa, othamanga atapanira mpira wosongoka m'khwapa. Amagundana, amaunjikana mulu, kenako amadzuka n'kuima kuti akambirane. Kusewera pang'ono, kukambirana kwambiri. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chake alamu anaukonda.

Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi tinkakadya kwawo ku Pollokshields, kuno ku Glasgow, m'chinyumba cha miyala cha denga lalitali chimene nthawi yozizira umacheza utavala jekete. Tikangokhala pansi ankayatsa masewero amene anajambula dzulo lake, n'kuyamba kutiphunzitsa. Palibe amene anapempha kuphunzitsidwa. Koma tinali pakhomo pawo, tikudya mpunga wawo, ndiye tinkamvera.

Phunziro lake linali limodzi lomwelomwelo. Akuti kumeneko, kalelo, makoleji sankapeza katswiri pogwetsana. Chaka chikamatha, matimu otchuka ankaitanidwa awiriawiri ku masewero apadera otchedwa a mbale, poti mabwalo ake ndi olowa pakati ngati mbale yodyera. Timu iliyonse isewere kamodzi, idye, ijambulitse, ibwerere kwawo. Zikatero anthu odziwa mpira ankavota kuti katswiri wa chaka ndi uti. Pambuyo pake anthu anatopa ndi mikangano n'kuyambitsa chipulula: wagonja watuluka, mpaka atsale mmodzi. Chipululacho alamu ankadana nacho ngati chinawabera mbuzi.

"Chipulula n'cha anthu opanda mbiri, alamu," ankandiuza choncho akundiloza ndi foloko. "Timu isewere bwino chaka chonse, tsiku limodzi loipa itaye zonse? Chimenecho n'chilungamo? Pamafunika anthu okhwima maganizo akhale pansi, aone chithunzi chonse. The whole picture, alamu."

Ine ndinakulira ku Bangwe, kumene ngakhale mwana wa mamina wosewera chikulunga amadziwa kuti wopambana ndi amene wamwetsa zigoli zambiri. Sitinkafuna anthu okhwima maganizo kuti atiuze zimenezo. Koma mlamu wamkulu sutsutsana naye pa tebulo lake. Ndinkangoti, "Kani zili choncho," n'kumatolera makapu.

Nkhaniyi ikanathera pa tebulopo bwenzi lero ndikuiseka. Tsoka lake, Amalawi a mu Glasgow tinali ndi kampikisano kathu ka mpira weniweni, ka achinyamata a m'makoleji ndi m'mayunivesite. Kanayamba mwamasewera, makolo atatopa kuona ana akungoweramira mafoni. Matimu ankapangidwa potengera kumene anthu amakhala. Ya ku Partick inali ya ophunzira ongobwera kumene kuchokera kumudzi, oonda, ozizidwa, osewera atavala magolovesi. Ya ku Pollokshields inali ya ana a mainjiniya ndi maakauntanti, a yunifolomu yeniyeni ya manambala kumsana. Yathu ya ku Maryhill inali ya ana a m'mafulati a m'mbali mwa ngalande, ophunzira zamagetsi, zamipope ndi zomangamanga, kuphatikizapo mwana wa mzungu woyandikana nafe amene ankadya kwathu kuposa kwawo. Panalinso timatimu tina ta m'mipingo. Tinkasewera nyengo yotentha, ngati tingaitche yotentha, ndipo pomaliza pankakhala chipulula Loweruka limodzi.

Chaka china timu ya mwana wa alamu inatuluka m'masewero oyambirira, itagonja kwa katimu ka mpingo wina kamene goloboyi wake anali bambo wa mimba, wopumira m'mwamba. Tonse tinaseka, ngakhale ana ogonjawo anaseka. Alamu sanaseke. Chaka chotsatira tinangomva kuti ndi wapampando wa komiti ya mpira, ndipo agula chikho chachikulu ngati ndowa. Pa msonkhano woyamba analengeza kuti chipulula chatha. Kuyambira pamenepo kudzakhala tsiku la masewero a mbale, komiti idzasankha wosewera ndi mnzake, ndipo katswiri adzasankhidwa ndi akuluakulu. Anati tiyenera kulemekeza mwambo. Mwambo umenewo unali usanakwanitse n'komwe sabata.

Tsono ndinene za mwana wanga, chifukwa popanda iye sindikanavutika ndi zachibwanazi. Ndili ndi mwana mmodzi yekha, wamwamuna. Tinabwera naye kuno ali kumsana. Anakula ndi Chingerezi cha mu Glasgow chimene ngakhale ine mayi wake ndimachita kutchera khutu. Chichewa ankamva, koma ukamulankhula yankho linali "Aye, mum," basi. Pomwe ankayamba koleji ya zamagetsi n'kuti atasiya tchalitchi, atasiya kupita ku zinkhoswe ndi ku misonkhano yathu. Ankati watopa kufunsidwa funso limodzi ndi aliyense, loti bwanji sanapite ku yunivesite ngati mbale wake wa ku Pollokshields. Ine ndinkaopa, ndipo ndinene mosabisa. Ndinkaopa kuti ine ndi bambo ake tikadzatsikira kuli chete, mwanayu adzatsala m'dziko la eni wopanda munthu wakwawo ngakhale mmodzi.

Mpira ndi umene unamubweza. Anzake a m'mafulati anamukoka, anapita monyinyirika, ndipo pasanapite nthawi anali kaputeni. Ankasewera kumbuyo, wamtali, wosalankhulalankhula, koma akakuwa anzake ankamva. Tsiku lina ndili m'mbali mwa bwalo ndinamumva akukuwa kuti, "Menya! Ali kumbuyo kwako!" Ndinatembenuka kufuna mwini mawuwo, osakhulupirira kuti ndi wanga. Masewero akatha ankatsalira ndi anyamata a ku Partick aja, akumuphunzitsa Chichewa cha m'tauni. Madzulo ena analowa m'nyumba n'kundifunsa kuti, "Masteni, zikuyenda?" Ndinamukalipira kuti ine si mnzake, koma nditalowa kubafa ndinaseka ndekha mpaka misozi. Anayambanso kubwera ku tchalitchi, ngakhale ankakhala kumbuyo kwenikweni pafupi ndi chitseko.

Chaka cha mwambo watsopanocho, Maryhill sinagonjepo. Inasewera ndi onse kupatula Pollokshields, chifukwa tsiku loti akumane alamu anaimitsa masewero ati kunja kukugwa mvula. Kuimitsa mpira chifukwa cha mvula mu Glasgow kuli ngati kutseka msika chifukwa kunja kwacha. Masewerowo sanabwezedwenso. Pollokshields ija inagonjako kwa timu ina, koma alamu anatifotokozera pa chakudya cha Lamulungu kuti kumeneko kunali kugonja kwaulemu, kumene anthu odziwa amakuwerengera kuposa kupambana wamba. Ndinayang'ana amuna anga kuti mwina aseka. Anali kalikiliki kuchotsa minga m'nsomba.

Litafika tsiku la masewero a mbale, komiti inagawa matimu. Masewero aakulu, a masana, pa bwalo labwino, anapatsidwa kwa Pollokshields ndi Partick, ati chifukwa ndi adani akalekale ndipo anthu amakonda kuwaonera. Udani umenewo ine ndinaumva tsiku lomwelo. Ana athu anapatsidwa masewero a m'mawa, pa bwalo la kuseri la matope, ndi katimu ka goloboyi wa mimba uja. Anakamwetsa zigoli mpaka woyimbira anasiya kuwerenga, ndipo bamboyo anapempha yekha kuti apume. Masana Pollokshields inapambana ndi chigoli chimodzi, cha penate imene ngakhale woimenya anaoneka wamanyazi.

Kuvota kunali mu holo ya tchalitchi pafupi ndi mabwalowo. Azimayi tinali kukhitchini tikukonza tiyi ndi mandasi, chifukwa pa nkhani ya chithunzi chonse maso a azimayi sankawerengedwa. Ndili kutsuka makapu, mwana wanga analowa, matope mpaka m'mawondo. Anandiuza m'Chingerezi chake kuti bwalo likadali lathu mpaka madzulo, dzuwa likadalipo, anyamata ake sanatope. Akufuna akapemphe kuti angosewera ndi Pollokshields basi, nkhani ithe.

"How dae I ask him right, mum? In Chichewa."

Ankafuna apemphe m'chinenero chathu, mwaulemu wake, kuti asapezeredwe chifukwa. Ndinapukuta m'manja n'kumuphunzitsa pomwepo, pakati pa ketulo ndi sinki. Ndinamuuza kuti asakaime chilili, akanjute, agwire dzanja lina ndi linzake, asakawayang'ane m'maso. Anabwereza mawuwo kangapo, lilime likupunthwa. Azimayi anzanga anasiya zimene ankachita n'kumamuthandiza. Mmodzi anamukonzera kolala ya jezi.

Khitchini imeneyo ili ndi kawindo koperekera chakudya koyang'ana mu holo, ndiye zonse ndinaziona. Azibambo anali atakhala pa mipando mozungulira, alamu kutsogolo, chikho chili pa tebulo. Achinyamata anali ataima kukhoma. Mwana wanga anadutsa pakati, anafika pamaso pa alamu, n'kunjuta monga ndinamuuzira.

"Bambo aakulu, tikupempha," anatero. "Mutilole tisewere nawo. Akatigonjetsa, chikho n'chawo. Tiwaombera m'manja."

Mawu ena anapindika, sindikana. Azibambo angapo anaseka chamumtima, wina n'kubwereza mawu amodzi motsanzira. Koma aliyense anamva chimene anapempha. Ngakhale mwana wa alamu, amene ndilibe naye chifukwa chifukwa ndi mwana wabwino, analankhula ali kukhomako kuti iwo ali okonzeka kusewera. Bambo ake anangomuyang'ana kamodzi, iye n'kuweramitsa mutu.

Mwana atayesetsa chonchija kulankhula chinenero cha makolo ake, alamu anamuyankha m'Chingerezi. Osatinso Chingerezi wamba, koma chothyakula, chotulukira m'mphuno, cha ku Amereka. Anamuuza kuti akuyamikira mtima wake, koma dongosolo ndi dongosolo. Anati kupambana kokha sikokwanira, pamafunika kuona kuti wagonjetsa yani, ndipo Maryhill yakhala ikusewera ndi matimu ofooka, monga umboni wa m'mawa womwewo. Amene anawasankhira timu yofookayo anali iwo omwe, ndipo amene anaimitsa masewero a mvula aja anali iwo omwe. Analankhula nthawi yaitali, mwana akadali chinjutire. Pomaliza anamusisita paphewa n'kumuuza kuti akaime ndi anzake.

Kenako anati tivote, ndipo kuvota kwake kukhala kokweza manja, chifukwa pakati pa abale palibe chobisa.

Munthu amene sanakhaleko kunja sangamvetse msanga chimene chinachitika apa. Alamu ndi mmodzi wa Amalawi oyamba kukhazikika mumzinda uno. Pafupifupi bambo aliyense amene anali mu holomo anadutsa m'manja mwawo. Uyu anakamutenga ku bwalo la ndege. Uyu anagona m'kachipinda kawo kozizira mpaka atapeza pokhala. Uyu jekete yake yoyamba inali yawo. Winayu anamuperekeza kukafunsira ntchito, n'kumuphunzitsa kukwera sitima ya pansi pa nthaka. Zimenezi anachitadi, ndipo sindingawalande. Koma pali anthu amene amathandiza n'kuiwala, ndipo pali ena amene amathandiza ngati akudzala chinangwa, podziwa kuti adzakumba tsiku la njala. Alamu anaima kutsogolo, manja m'thumba, n'kumayang'ana nkhope imodziimodzi. Khoswe wa pa mkhate sapheka.

"Amene akuti Pollokshields," anatero.

Manja anayamba kukwera. Sindinaonepo azibambo akuluakulu akuchita chidwi ndi denga ngati tsiku limenelo. Wina ankayang'ana nsapato zake. Wina, amene tsiku lonse anali m'galimoto akumvera wailesi ndipo sanaone mpira ngakhale umodzi ukugunda, anakweza dzanja msangamsanga ngati mwana wa sukulu wodziwa yankho. Mkulu wa mpingo anakweza atatsinzina, kuti mwina tiziti akupemphera. Awa ndiwo anali anthu okhwima maganizo aja. Ndinaima pa kawindoko, tiipoti ili m'manja, ndikuwanyoza mmodzimmodzi mumtima mwanga, ndipo mpaka lero sindinasiye.

Amuna anga anakhala kumapeto kwa mzere. Iwowa anabwera kuno chifukwa cha akulu awowo, ndipo chiyambire sindinawamvepo akuwatsutsa, ngakhale pa nkhani ya mchere wa m'ndiwo. Ndi munthu wofatsa, wachifundo, ndipo mwana wake amamukonda, zimenezo ndikudziwa. Manja a anzawo onse atakwera, lawo linali likadali pabondo.  Ndinayang'ana mwana wanga kukhoma kuja. Sankayang'ana chikho, sankayang'ana bambo ake aakulu. Ankayang'ana bambo ake omubala.

Dzanja lija linanyamuka pang'onopang'ono, linafika pa khutu, n'kuima pamenepo. Zala zinayamba kukanda tsitsi.

"Achimwene," anatero alamu akumwetulira, "dzanjalo lakwera, kapena mukukanda m'mutu?"

Azibambo anaseka. Amuna anga nawo anaseka pang'ono, n'kuliwongola dzanjalo mpaka m'mwamba.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti dzanja limenelo silinkafunika n'komwe. Manja anali atakwana kale, chikho chinali chitapita. Alamu akanatha kuyang'ana kumbali n'kumusiya mng'ono wawo akande m'mutu mwake mwamtendere. Koma munthu wofuna chithunzi chonse safuna kuti pakona pena pasowe kanthu.

Atafunsa za Maryhill, linakwera dzanja limodzi lokha, la mkulu wina wovutika kumva amene anali atakwezanso poyamba paja. Alamu anathokoza onse chifukwa cha umodzi. Anapereka chikho kwa mwana wawo, amene anachilandira ngati akulandira mbale yotentha, ndipo anthu anajambula zithunzi. Kenako anatiitana azimayi kuti tibweretse tiyi.

Mwana wanga sanakuwe, sanamenye chitseko. Anapita kwa mbale wakeyo n'kumugwira chanza. Anatolera mipira ndi majezi a anzake n'kuika m'chikwama. Anabwera pa kawindo kaja n'kundiuza kuti abwerera wapansi, tisamudikire. Ndinamupatsa mandasi m'pepala, analandira, koma pambuyo pake ndinawapeza atawasiya pa mpando wa pakhomo.

Tinabwerera m'galimoto awiriwiri, n'kudutsa mlatho wa pa ngalande. Amuna anga ndi amene anayamba.

"Ndi masewera chabe, mayi. Aiwala."

"Ngati ndi masewera chabe, bwanji simunalisiye pabondo dzanjalo?"

"Mukudziwa kuti akulu anga ndi akulu anga. Ndikanawachititsa manyazi pagulu?"

"Pagulu pomwepo panalinso mwana wanu," ndinatero. Sindinawonjezere, chifukwa ndikanawonjezera ndikanalankhula mawu osabwezeka.

Kutacha linali Lamulungu. Tinavala za ku tchalitchi monga mwa masiku onse, ndipo tikaweruka tinayenera kukadya ku Pollokshields. Mwana anali kukhitchini, atavala zogonera, akudya buledi ataimirira. Bambo ake anaima pakhomo la khitchiniyo akumanga tayi, n'kumuuza kuti akonzeke. Iye anapukusa mutu. Amuna anga anayesa kuseka, anayesa kunena kuti chaka chamawa chiliko, kuti aliyense waona yekha timu imene inali yabwino. Mwana anapitiriza kutafuna. Pamenepo bambo ake mawu anasintha, anakhala ngati akudandaulira munthu wamkulu mnzawo.

"Mwana wanga, tandimvetsa. Munthu uja anandilera, anandibweretsa kuno. Ukanakhala iwe, ukanatani?"

Mwanayo anaika buledi pa mbale. Anaganiza kanthawi, milomo ikuyenda, monga ankachitira akamasanja mawu a Chichewa m'mutu asanawatulutse. Kenako anawayang'ana bambo ake m'maso.

"Ine ndikanavotera mwana wanga."

Sanapunthwe ngakhale pamodzi. Amenewo ndi mawu a Chichewa omaliza amene ndinamumva akulankhula.

Ku tchalitchi sanapondekonso, ngakhale pa mpando wa pafupi ndi chitseko uja. Anyamata a ku Maryhill anabalalika, ena anamutsatira ku timu ya anzake a kuntchito imene imasewera mu ligi ya m'dera, kumene wopambana amadziwika woyimbira akangoimba wezulo yomaliza. Mpikisano wathu uja unalimbako pang'ono n'kufa, poti ana si opusa, sangathamange m'matope kuti akuluakulu akakweze manja. Alamu masiku ano amadandaula pa misonkhano kuti ana okulira kuno akutayika, alibe chikhalidwe, safuna kusonkhana ndi anzawo. Azibambo aja amagwedeza mitu kuvomereza. Ku Amereka nako akuti chipulula chikungokulirakulira, ndipo zimenezo alamu amazidandaulanso ndi mtima womwewo.

Mwana wanga anamaliza koleji, ali pa ntchito, ali ndi fulati yake kutsidya kwa mtsinje. Si mwana woipa. Amabwera kudzationa, amatigulira zinthu, magetsi akavuta amakonza. Anzake onse ndi a kuno, ndipo maliro kapena ukwati wa Amalawi ukachitika amaumva kwa ine, n'kunena kuti pepani kapena zabwino zonse, ngati nkhani ya anthu a dziko lina. Akalowa m'nyumba amandipsompsona patsaya, n'kutembenukira kwa bambo ake.

"Awright, da?"

Amuna anga amamuyankhabe m'Chichewa. Amamufunsa za kuntchito, za mpira, amamuuza za kumudzi, amatalikitsa nkhani dala, maso ali pakamwa pa mwanayo. Iye amaima, makiyi a galimoto ali m'manja, n'kudikira mwaulemu kuti amalize.